Ndasiya kupenta nkhope ndayamba abstract, koma chithunzi chilichonse chikuoneka ngati cha munthu wina

Nyenyezi_yaPenti

Moni akuluakulu nonse, ndithandizeni maganizo paja safunsa anadya phula.

Ine ndimapenta, ndipo kuyambira kale ntchito yanga yakhala ya nkhope za anthu, wina akandipatsa chithunzi ndimachisamutsira pa canvas mpaka afanane, pamenepo dzanja linazolowera sindivutika. Koma zinafika ponditopetsa chifukwa umangotsatira zomwe kamera inaona kale, iweyo palibe chomwe wawonjezerapo, ukamaliza munthu nkumati "eeh ngati foto yeniyeni" ndiye kuti kuyamikira kwathera pomwepo. Nde ndinayamba kuyesa za abstract zija, zopanda munthu, zopanda mtengo kapena nyumba, mitundu, mizere ndi mawanga basi.

Ndayesa zambiri ndithu. Kuthira penti wosungunula pa canvas nkumaipendeketsa kuti aziyenda yekha, kudonthetsa ndi kamtengo canvas ili pansi, kupala ndi mpeni wa penti, kumata tepi kuti mizere ituluke yowongoka, siponji, ngakhale khadi yakale ya pulasitiki ndapalira. Pochita zimakoma kwabasi sindinama. Vuto limabwera ndikazitsamiritsa zonse kukhoma nkuima patali, zimaoneka ngati zapentedwa ndi anthu osiyanasiyana omwe sanaonanepo, ndipo chimene chikundiwawa nchakuti chilichonse nditha kuloza kuti ichi ndinachiona pa YouTube, icho pa Instagram. Palibe chomwe ndinganene kuti ichi ndiye ineyo.

Ndiye funso langa lalikulu ndi limenelo, kodi sitayilo yakoyako imabwera bwanji? Umachita kuisankha kuti kuyambira lero ine ndizipanga zakuti, kapena imabwera yokha? Komanso pali tina timene tikundisowetsa mtendere, mitundu yanga ndikangoichulutsa imasanduka matope, ka bulauni kosakoma kaja, ndipo sindidziwa poimira, ndimangowonjezera mpaka chomwe chinali bwino chija chakwiririka. Ndimagwiritsa ntchito acrylic kwambiri, penti wosungunula ndi madzi uja, koma ndili ndi machubu angapo a oil, penti wamafuta, omwe ndimapentera nkhope aja.

Madala_Burashi

Achemwali, musadandaule, pomwe mulipo apa aliyense wopenta anadutsapo. Koma ndiyambe ndi kukutsutsani pang'ono. Zonse mwatchulazi, kuthira, kudonthetsa, kupala, tepi, ndi njira zoikira penti pansalu, ndipo njira munthu aliyense atha kuiphunzira masana amodzi. Nchifukwa chake zikuoneka ngati za pa YouTube, poti ndi za pa YouTube ndithu. Makamaka zothirazo, penti amatsetsereka chimodzimodzi kaya wathira ndinu kaya ndine, amene akusankha zambiri pamenepo ndi pentiyo, inu mwangogwira kapu.

Taonani mmene anayendera anthu amene timawatchula masiku anowa. Piet Mondrian wa ku Netherlands uja, aliyense amamudziwa ndi mizere yakuda yowongoka ndi timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu, mpaka ena amati ngakhale mwana atha kupanga ndi rula. Bamboyu anabadwa mu 1872 ndipo anakhala zaka zambirimbiri akupenta mitsinje, minda, matchalitchi, zinthu zooneka ndi maso. Mukapeza mpata fufuzani mitengo yake muiike pamzere. Pali mtengo wofiira umene anapenta pakati pa 1908 ndi 1910, umenewo ukuoneka kuti ndi mtengo ndithu ngakhale mtundu wake ndi wachilendo. Kenako pali wotuwa wa 1911, nthambi zasanduka mizere yopindikapindika ndipo mipata ya pakati pa nthambi waipaka penti wokhuthala mpaka mpata ukulemera mofanana ndi nthambi. Pofika 1912 anapenta mtengo wa apulo wochita maluwa, mutapanda kuuzidwa simunganene kuti ndi mtengo, kwatsala timizere tokhota tokumanakumana basi. Mabokosi otchuka aja anafika cha m'ma 1920, munthu akuyandikira zaka 50. Mabokosiwo anawapeza pochotsa pang'onopang'ono kuchokera pa chinthu chimene ankachidziwa bwino.

Mark Rothko nayenso chimodzimodzi, m'ma 1930 ankapenta anthu oonda ataima m'masiteshoni a sitima zapansi pa nthaka ku New York, zamakona anayi zoyandama zija anazifika mu 1949, iye wobadwa 1903, werengani nokha zaka. Ngakhale Jackson Pollock amene mukumutsanzira podonthetsapo, anaphunzira kaye kwa Thomas Hart Benton, mphunzitsi wojambula anthu ndi moyo wa kumidzi ya ku America, ndipo penti wamadzimadzi wa m'mafakitale anakumana naye mu 1936 pamene ankagwira ntchito ndi David Alfaro Siqueiros wa ku Mexico. Koma zodonthetsa zenizeni zinayamba 1947. Zaka 11 njirayo akuidziwa, isanakhale yake.

Ndiye ine chimene chandikhudza mu zomwe mwalemba ndi choti nkhope mwazitaya ngati kuti zinali zotayitsa nthawi. Ayi, chuma chanu chili pomwepo. Munthu amene wapenta nkhope nthawi yaitali amadziwa pomwe kuwala kumathera mthunzi nkuyamba, amadziwa kuti pansi pa chibwano pamada bwanji, amadziwa kuti kadontho kamodzi koyera m'diso kamadzutsa nkhope yonse. Anzanu amene anayambira pa kuthira zimenezo alibe.

Yesani izi. Tengani nkhope imodzi imene mumaidziwa bwino, muipente mobwerezabwereza pa mapepala okhuthala a saizi imodzi, osati pa canvas chifukwa canvas imakuopsezani kuti chituluke chokongola. Ulendo uliwonse muchotsepo kanthu. Poyamba chotsani maso ndi pakamwa kutsale mithunzi yokha. Kenako kulitsani kachigawo kamodzi, mwina pomwe khosi limakumana ndi phewa, kadzaze pepala lonse. Kenako chotsani mtundu wa khungu muike wina uliwonse. Ndipo mudzimange manja dala, mitundu itatu ndi woyera basi, chida chimodzi kapena ziwiri, osasintha mpaka mapepala akwane 20 kapena 30. Zimatopetsa, pofika pakati mudzafuna kuthawira ku njira ina yatsopano imene mwaiona pafoni, pamenepo ndiye pofunika kupirira.

Mukamaliza muwayale onse pansi, muime pampando muyang'ane. Musafunefune chokongola kwambiri. Funani zimene zikubwerezeka inu musanazifune. Mwina mudzapeza kuti nthawi zonse mdima mumauunjika mmunsi kumanzere, mwina mizere yanu yonse imapendekera mbali imodzi, mwina m'mphepete mwa pepala simufikamo mumasiya poyera, mwina pali ka buluu kena kamene mumakabwererabe ngakhale mutalumbira kuti lero ayi. Zimenezo ndiye zanu. Zili ngati mayendedwe a munthu, mumamuzindikira ali patali atakufulatirani, koma mwini wake sanakhalepo pansi nkusankha kuti ndiziyenda chonchi. Ntchito yanu ndi kuziona kaye, kenako nkuyamba kuzichita mwadala, kuzikulitsa, zina nkuzikana.

Thina_ndi_Tepi

Madala ayankha za mzimu ine ndiyankhe za matope kkkk, paja walira mvula walira matope, mwachulutsa mitundu nde zotsatira zake ndi zimenezo.

Nkhani yake ndi iyi asisi. Pali mitundu yotsutsana, wofiira ndi wobiriwira, buluu ndi olenji, wachikasu ndi pepo. Ikakhala moyandikana itauma imawalitsana bwino kwambiri, koma ikasakanikirana ili yaiwisi imaphana nkutuluka bulauni kapena gireyi. Nde mukakhala ndi mitundu isanu yaiwisi pa canvas nkumadutsamo ndi burashi uku ndi uku, mwasakaniza yonse, palibe kuchitira mwina. Mankhwala ake ndi kudikira, ndipo poti muli pa acrylic kudikirako ndi kwa mphindi zochepa chabe ngati mwapaka mopyapyala. Pakani, siyani chiume, pakaninso pamwamba. Ngati kudikira kumakuvutani muzipenta zithunzi zitatu nthawi imodzi, china chikamauma muli pa china. Madzi otsukira burashi akhale m'zitini ziwiri, china chotsukira koyamba china chotsukuluzira, chifukwa nthawi zambiri matope amachokera mmadzi akuda aja osati pa canvas.

China chimene anthu ambiri sayang'ana, tembenuzani chubu cha penti muwerenge timalemba tating'ono kumbuyo. Pamakhala manambala a pigment, ufa umene umapereka mtundu mu penti, monga PB29 ndi ultramarine, PW6 ndi titanium white, PBr7 ndi ma bulauni a dothi aja monga burnt umber. Chubu china mupeza chili ndi nambala imodzi, china zitatu. Mukasakaniza machubu awiri a manambala atatuatatu inu mukuganiza kuti mwasakaniza mitundu iwiri pomwe mwasakaniza isanu ndi umodzi. Nde posakaniza muzikonda a nambala imodzi. Komanso wakuda wa m'chubu muzimuopako pang'ono, amazimitsa mitundu msanga, ultramarine ndi burnt umber mukaphatikiza zimakupatsani mdima wakuya wokhala ndi moyo ndipo mutha kuukokera kofunda kapena kozizira mmene mukufunira.

Koma ndinene, matope si oipa nthawi zonse. Chithunzi chimene mitundu yonse ikukuwa chimatopetsa maso, ka gireyi kaja ndi kamene kamapangitsa kuti kofiira kamodzi kaoneke. Bola mukhale kuti mwawaika dala.

Poti mwati muli ndi oil, lamulo ili musaliphwanye: oil pamwamba pa acrylic wouma zimatheka, acrylic pamwamba pa oil ayi, sagwira, pakapita nthawi amasupuka. Ndipo mu oil mwenimwenimo zoyala zapansi zikhale zopyapyala zamafuta ochepa, zapamwamba ndiye zamafuta ambiri, mukatembenuza chapamwamba chimauma msanga chapansi chisanaume nde chimang'aluka. Acrylic nayenso ali ndi khalidwe lake, akauma amaderako kusiyana ndi mmene amaonekera ali muwisi, chifukwa chomatira chake chimakhala choyererako chikadali chonyowa nkudzaonekera mkati ngati galasi chikauma. Ndipo musamamuthire madzi ochuluka kwambiri pofuna kuti ayende, chomatira chija chimachepa mphamvu, pa canvas yopakidwa gesso, choyera chija chopaka pansalu musanayambe kupenta, mutha kupeza penti akuchoka mukapukuta. Pali medium, chomatira chamadzimadzi chopanda mtundu chosungunulira penti, gwiritsani ntchito imeneyo.

Ngati mumakonda zoyenderera, muonereko Helen Frankenthaler. Mu 1952 ali ndi zaka 23 anayala canvas yosapaka kanthu pansi nkuthirapo oil wosungunula kwambiri ndi turpentine, penti nkulowa mu ulusi wa nsalu mmalo mokhala pamwamba, chithunzi chake chotchuka cha Mountains and Sea chinabadwa choncho. Koma oil pa nsalu yosapaka amasiya mkombero wa mafuta kuzungulira mtundu ndipo pakapita zaka amafooketsa nsaluyo, iyenso kumayambiriro kwa ma 1960 anasamukira ku acrylic. Nde inu yambirani pa acrylic pomwepo, nsalu yosapaka gesso imamwa bwino.

Za silicone amene anthu amadonthezera mu penti kuti mutuluke timaso tija, ine sindizikonda, amasiya mafuta pamwamba nde varnish kapena penti wina sagwira bwino pokhapokha mutatsuka mosamala. Ndipo timaso timeneto ndi tomwe timapangitsa kuti zithunzi za anthu masauzande zifanane.

Pomaliza chenjezo, tinsanza tonyowa ndi linseed oil musatiunjike pakona, mafutawo akamauma amatulutsa kutentha ndipo mulu wa nsanza utha kuyaka wokha. Muzitiyanika totambasula panja kapena kutiviika mmadzi mu chitini chachitsulo chotseka. Turpentine nayenso mawindo akhale otsegula.

Kalulu_Mtsutsi

Ine pepani Madala, ulemu wanu, koma nkhani ya sitayiloyi timaikokomeza. Amene amafuna kwambiri kuti wopenta akhale ndi sitayilo imodzi ndi ogulitsa, kuti wogula akangolowa azindikire kuti ichi ncha uje, komanso Instagram imene imakonda kuti tsamba lako lizioneka lofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wopentayo payekha chimamupindulira chiyani? Ambiri akangopeza kanthu kamene kagulidwa amakhala pomwepo moyo wonse kubwereza chithunzi chimodzi.

Gerhard Richter wa ku Germany, wobadwa 1932, ankapenta zithunzi zooneka ngati foto yosawala bwino, yemweyo ankakoka penti ndi chipala chachikulu chonga chopukutira magalasi kudutsa canvas yonse mpaka zoyala zapansi zikusuzumira, yemweyonso mu 2007 anapanga windo la tchalitchi chachikulu cha ku Cologne la timagalasi tamakona anayi toposa 11,000 ta mitundu 72, ndipo kayalidwe kake kanasankhidwa mwamwayi ndi kompyuta. Mundiuze sitayilo yake ndi iti pamenepa? Philip Guston anali mmodzi mwa akuluakulu a abstract ku New York, mu 1970 anaonetsa zithunzi zooneka ngati makatuni, nsapato, mababu, anthu ovala zigoba kumutu, olemba m'manyuzipepala anamunyoza koopsa, lero ndi zomwezo zimene anthu amamukumbukira nazo kwambiri.

Komanso zoti mukutsanzira musachite nazo manyazi asisi. Kudonthetsa kumene timati nkwa Pollock, mayi wina Janet Sobel wobadwira ku Ukraine, amene anayamba kupenta ali kale ndi ana akuluakulu, ankadonthetsa cha m'ma 1945, ndipo Clement Greenberg, wolemba zounika ntchito za openta, analemba yekha kuti iye ndi Pollock anaziona ntchito za mayiyu. Palibe amene anayambira pa mpweya. Ine ndikuti pitirizani kuyesa chilichonse chomwe chakusangalatsani, zomangidwa manja ndi mitundu itatuzo zingokuphetsani chilakolako.

Nyenyezi_yaPenti

Zikomo kwambiri nonse, eeh sindimayembekezera kuti muyankha mozama chonchi. A Thina ndatembenuza machubu anga, wobiriwira amene ndimamukonda uja ali ndi manambala atatu kkkk nde ndamvetsa. A Madala za nkhopezo zandigwira mtima, ndikayang'ana bwino ngakhale mu zothira zija ndimapezeka ndasiya chinthu chozungulira chapakati chakumtunda, pamalo pomwe pamakhala mutu ndikamapenta munthu, ndimayesa ndi chizolowezi choipa choti ndichithetse. Koma a Kalulu nawonso akunena zomveka, ndiye pano mwandiika pakati.

Za poimira paja palibe wandiyankha. Komanso anthu akabwera nkufunsa kuti "nanga ichi nchiyani" mumawayankha bwanji inu, ine ndimangoseka. Ndipo ma canvas amene ndawadzaza matopewa ndingawapentenso kapena ndingotaya?

Mayi_Mizere

Mwana wanga, chozungulira chapakaticho musachithetse ayi, chisungeni. Mundikumbutsa Ernest Mancoba wa ku South Africa, wobadwa 1904, amene anayamba ngati wosema ziboliboli, mu 1938 nkupita ku Paris, pambuyo pake nkudzakhala m'gulu la openta a ku Ulaya lotchedwa CoBrA limodzi ndi mkazi wake Sonja Ferlov wa ku Denmark. Zithunzi zake zambiri ndi timikwingwirima ta mitundu tomwazikana, nsalu ikuonekera mmipata, koma mukayang'anitsitsa pakati pamakhala chinthu choimirira chonga munthu, chosajambulidwa bwinobwino koma chilipo. Anachisunga zaka zambiri osachitaya. Ndimamutchulanso dala chifukwa pali anthu amene amaganiza kuti abstract ndi ya azungu okha.

Za poimira, palibe belu limene limalira, koma pali timachenjerero tothandiza diso kuti lione ngati lachilendo, chifukwa vuto ndi loti mukakhala pa chithunzi nthawi yaitali diso limazolowera nkusiya kuona. Chitembenuzeni chadodolido. Chiyang'aneni pagalasi. Chijambuleni ndi foni nkuchotsa mitundu chikhale chakuda ndi choyera, apo ndiye mumaona zoona zake, ngati chonse chasanduka gireyi wofanana ndiye kuti mitundu inakunamizani, mulibe mdima ndi kuwala kokwanira, ndipo inu wa nkhope izi mukuzidziwa kale. Kachithunzi kakang'ono ka pafoni kamathandizanso kuona ngati mbali ina yalemera kuposa inzake. Wassily Kandinsky analemba yekha kuti tsiku lina madzulo analowa mu situdiyo nkuona chithunzi chokongola modabwitsa chimene sanachizindikire, kuyandikira nkupeza kuti ndi chake chomwe chinatsamira chammbali. Nde kutembenuza si masewera.

Chinanso, muzijambula ndi foni nthawi iliyonse mukapuma. Pakutha pa sabata mukayang'ana mndandanda wa zithunzizo mudzaona pamene chinali chamoyo ndi pamene munachipha, ndipo mukachita kangapo mudzayamba kuzindikira nthawi imeneyo ikamafika. Kwa ine chizindikiro nchakuti ndayamba kugwira kaburashi kakang'ono nkumakonzakonza timalo. Ndikafika apo ndimachitembenuzira kukhoma masiku angapo. Ndikachitembenuzanso ngati palibe malo amene akundiitana kuti ndiwakhudze, chatha. Ndipo pali chinthu chovuta chimodzi, kawirikawiri kamalo kamene mukukakonda kwambiri, kamene mukupenta mozungulira kuopa kukawononga, ndi kamene kakutsekereza chithunzi chonse. Kaphimbeni ndi pepala muone ngati chotsalacho sichikupuma bwino.

Ofunsa kuti nchiyani aja musawaseke, komanso musawapatse lekichala. Ine ndimangowabwezera funso kuti inu diso lanu layambira pati, lapita kuti. Mudzadabwa, anthu amayankha, ndipo nthawi zina amakuuzani chinthu chokhudza chithunzi chanu chimene inu simunachione. Kandinsky yemweyo zithunzi zake zambiri ankazitcha mayina a ku nyimbo monga Composition ndi Improvisation, pofuna kuti anthu asafunemo kavalo kapena phiri. Dzina limathandiza, likhale lotsegula khomo pang'ono koma osafotokoza zonse.

Ndipo musathamange. Alma Thomas wa ku Washington anaphunzitsa ana sukulu zaka 35, anapuma mu 1960, ndipo timadontho take tamitundu toyalidwa mmizere tija anatipeza atapuma kale ntchito, poyang'ana kuwala kukudutsa mmasamba a mtengo wa pawindo la nyumba yake. Mu 1972 ali ndi zaka 80 anakhala mayi wachikuda woyamba kukhala ndi chionetsero chakechake ku Whitney Museum ku New York. Hilma af Klint wa ku Sweden anayamba abstract mu 1906, Kandinsky asanayambe, nkulamula kuti ntchitozo zisaonetsedwe mpaka patadutsa zaka 20 iye atamwalira. Anamwalira 1944, dziko linayamba kuziona bwino mu 1986 ku Los Angeles, ndipo chionetsero chake cha ku Guggenheim Museum ku New York cha 2018 mpaka 2019 chinakoka anthu oposa 600,000. Ameneyu ankangogwira ntchito mmagulumagulu, gulu lililonse ndi funso lake, nkumalemba m'makope.

Kope limenelo nanunso mukhale nalo. Mukamaliza chithunzi lembani mizere iwiri, chomwe munafuna ndi chomwe chinatuluka.

Madala_Burashi

A Kalulu, pa ogulitsa ndi Instagram ndikugwirizana nanu, ndipo sindinanene kuti achemwaliwa apeze kachizindikiro kamodzi azikadinda moyo wonse. Koma zitsanzo zanuzo zikuthandiza ine. Richter sanapale chithunzi chimodzi nkuthawira kwina mawa lake, chipala chija anakhala nacho zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, zithunzi mazanamazana. Ndipo mukaika foto zake zosawala zija pambali pa zopalazo muona kuti dzanja ndi limodzi, konsekonse akukoka penti muwisi kuti chooneka chisaoneke bwinobwino. Guston naye atasintha, pinki wake wodetsedwa uja ndi kapakidwe kake kokhuthala anapita nazo, anasintha zojambulazo koma munthu anali yemweyo. Kusintha kwa munthu amene wakumba pamalo amodzi mpaka pansi ndi kosiyana ndi kwa amene akungolawa apa ndi apo. Mapepala 30 si ukaidi, ndi mwezi umodzi kapena iwiri, akatha abwerere kukathira ngati akufuna, ndipo adzathira mosiyana.

Kalulu_Mtsutsi

Pa pinki wa Guston mwandigwira Madala kkkk. Koma ndikuumirirabe kuti tsiku limodzi pa sabata azisewera mmene akufunira, popanda lamulo.

Thina_ndi_Tepi

Ma canvas aja musataye asisi. Ngati ndi acrylic yekhayekha, palani ndi sandpaper pomwe pali zitunda, pukutani fumbi ndi kansanza konyowa, pakani gesso kawiri kudikira chiume pakati, mwapeza canvas yatsopano. Koma mwina osaphimba chonse, pakani woyera mopyapyala kuti zakale zizionekera pansi, kapena phimbani mbali zina nkusiya timawindo pomwe panali pabwino, pansi podzaza kale pamapereka kuya kumene canvas yoyera singakupatseni. Okhawo amene munathirapo silicone muyambe mwawatsuka ndi madzi a sopo apo ayi gesso adzakana. Amene ali ndi oil musapakepo gesso wa acrylic, pamenepo pitirizani ndi oil yemweyo.

Njira ina ndi lumo kapena sizasi. Lee Krasner, mkazi wake wa Pollock, kumayambiriro kwa ma 1950 anang'amba zojambula zake zimene sizinamusangalatse, kenako nkuyamba kumata zidutswazo pa ma canvas ake akale, ndipo anazionetsa mu 1955 ku New York anthu nkuzilandira bwino. Nde dulani kawindo kamakona anayi pa katoni, muzikayendetsa pamwamba pa chithunzi cha matopecho, mupeza tizigawo tina tabwino kuposa chithunzi chonse. Dulani timeneto, matani ndi acrylic medium, pansi ndi pamwamba, nkutsindika ndi buku lolemera usiku wonse mutaika pulasitiki pakati kuti zisamatirire ku bukulo.